Masiku awiri ku Bruges, mzinda umene msika wake unasamuka

Sabata ino nkhani yathu ikutitengera ku Belgium, ku mzinda wa ngalande wotchedwa Bruges. Ena mwa inu munauonapo pa zithunzi: nyumba zanjerwa zitandanda m'mbali mwa madzi, timilatho tamiyala, mabwato odzaza alendo atakweza mafoni m'mwamba. Otsatsa maulendo amati ndi mzinda wa okondana. Ine wogulitsa nsalu pamsika ndikuti Bruges ndi msika. Ngalande mukuzionazo inali misewu ya katundu. Nsanja yotchuka ija anaimanga pamwamba pa shedi ya nsalu. Ndipo mzindawu ukuoneka wachikale chonchi lero chifukwa makasitomala ake anauthawa, eni ake n'kusowa ndalama zogumulira nyumba zakale kuti amange zatsopano.

Ndalembera makamaka abale athu amene muli ku Britain ndi maiko ena a ku Ulaya, amene mumatha kupeza masiku awiri kapena atatu opuma, komanso inu a kuno kumudzi amene tsiku lina mwana kapena mlongo wanu adzakutumizirani tikiti. Inenso ndinakafikako chomwecho, pa ulendo wokaona mchemwali wanga. Masiku awiri ndi ochepa, ndipo ndalama yake si yamasewera. Mukapita osadziwa mbiri, mudzabwerako ndi zithunzi basi, ndi chokoleti chodula. Ndiye tiyambe ndi mbiri, kenako tikonze ulendo.

MMENE MSIKA UNAYAMBIRA

Mzinda wa Bruges uli kumpoto chakumadzulo kwa Belgium, m'dera la Flanders, makilomita pafupifupi 15 kuchokera kunyanja ya North Sea. Eni ake amalankhula Chidatchi ndipo amautcha Brugge. Dzina loti Bruges ndi la Chifalansa, Angerezi anangotengera. Kamtsinje ka mumzindamo ndi Reie, n'chifukwa chake ngalande zake amazitcha reien.

Mu 1128 mzindawu unalandira kalata ya ufulu wodziyendetsera zinthu zake. Patangotha zaka zisanu ndi chimodzi, mu 1134, namondwe wamkulu anang'amba gombe, madzi a m'nyanja n'kulowa kumtunda, kusiya khwawa lalikulu lotchedwa Zwin. Kwa alimi linali tsoka, koma kwa amalonda unali msewu wa ulere. Zombo zikuluzikulu zinkalowa mu Zwin mpaka pa kadoko ka Damme, ndipo m'zaka zotsatira zinkaima pa Sluis. Pamenepo katundu ankamusamutsira m'mabwato aang'ono amene ankamulowetsa m'ngalande mpaka pakati penipeni pa mzinda.

Katundu woyamba anali nsalu. Ubweya wabwino wa nkhosa unkachokera ku England, owomba nsalu a ku Ghent, Ypres ndi Bruges n'kuusandutsa nsalu zothina bwino, za utoto wosasuluka, zimene anthu achuma a ku Ulaya konse ankazifuna. Paja pomwe pali katundu wabwino ogula sachita kuitanidwa. Amalonda a ku Germany, amene anali ndi mgwirizano wawo wotchedwa Hanse, anatsegula ofesi ku Bruges, imodzi mwa maofesi awo anayi akuluakulu akunja. Enawo anali ku London, ku Bergen ndi ku Novgorod. Mu 1277 zombo za ku Genoa zinafika koyamba, za ku Venice n'kutsatira mu 1314.

Taganizani msika umodzi pomwe zikopa ndi phula za ku Russia, nsomba zouma za ku Norway, vinyo wa ku France, chitsulo cha ku Spain, tsabola ndi silika zobwera ndi Ataliyana, zonsezo zikukumana ndi nsalu za ku Flanders. M'zaka za m'ma 1300 mzindawu unali ndi anthu oposa 40,000, umodzi mwa mizinda ikuluikulu kumpoto kwa Ulaya pa nthawiyo.

Tsono tamverani nzeru ya eni mudzi. Ambiri mwa iwo anasiya kuvutika ndi maulendo apanyanja, nayamba kudyera alendo. Ankatsegula nyumba zogona amalonda, ndipo mwini nyumba yotero sankangopereka bedi ndi chakudya. Ankasunga katundu wa mlendo, kumupezera ogula, kumumasulira chinenero, ngakhale kumuimira pa ngongole. Amene munapitapo kukapikula katundu ku Kariakoo kapena ku Johannesburg mukudziwa kufunika kwa munthu wotero, ndiponso mukudziwa kuti sagwira ntchito yaulere.

Banja limodzi la eni nyumba zoterezi linali la Van der Beurse, ndipo chizindikiro chawo chinali matumba atatu a ndalama. Pa kabwalo ka kutsogolo kwa nyumba yawo amalonda ankakumana kusintha ndalama za maiko osiyanasiyana ndi kugulitsana makalata a ngongole. Munthu ankapereka ndalama ku Bruges, mnzake n'kukalandira ku Venice pongoonetsa kalata, ngati mmene timatumizirana ndalama pafoni lero, kungoti kalatayo inkayenda masabata angapo pa hatchi. Kabwaloka kanatenga dzina la banjali, ndipo mpaka lero msika wa masheya Adatchi amautcha beurs, Afalansa bourse, Ajeremani Börse. Dzina la banja logoneka alendo linasanduka dzina la misika ya ndalama.

BWALO LA MSIKA NDI ANTHU AKE

Pakati pa mzindawu pali bwalo lalikulu lotchedwa Markt, kutanthauza msika. Pamenepo ndi pomwe pali nsanja ya mabelu, Belfort, yotalika mamita 83. Anayamba kuimanga cha m'ma 1240, inapsa mu 1280, anaimanganso, ndipo mutu wake wa mbali zisanu ndi zitatu anauwonjezera m'zaka za m'ma 1480. Si nsanja ya tchalitchi kapena ya mfumu ayi, ndi ya mzinda. M'munsi mwake munali misika ya nsalu ndi katundu wina. M'kati mwake munali chipinda cha zitseko zachitsulo chosungiramo makalata a ufulu wa mzinda. Mabelu ake ankauza anthu nthawi yoyamba ntchito, yoweruka, komanso kuchenjeza moto ukabuka.

Mbali ina ya bwalo lomwelo kunali chinyumba chachikulu chotchedwa Waterhalle, chimene anachimanga pamwamba pa ngalande kumapeto kwa zaka za m'ma 1200. Mabwato ankalowa pansi pa denga, nsalu n'kumatsitsidwa osanyowa. Aliyense amene mvula inamupezapo atayala zitenje panja amvetsa kuti omanga nyumbayo ankaganiza bwino. Chapafupi panali chimakina chamatabwa chokwezera migolo ya vinyo, ndipo injini yake inali anthu: amuna ankayenda m'kati mwa magudumu akuluakulu kuti chingwe chizikulungika. Aganyu a pa doko amenewo.

Pomwe pali ndalama mkangano susowa. Mfumu ya France, Philip IV, inalanda Flanders, ndipo mabanja ambiri olemera a m'mizinda anakhala mbali yake, pomwe amisiri a manja anakana. Usiku wa pa 18 May 1302 anthu a ku Bruges anaukira asilikali a France amene anali mumzindamo n'kupha ambiri. Pa 11 July chaka chomwecho, pafupi ndi Kortrijk, gulu la nkhondo la anthu wamba oyenda pansi, owomba nsalu, opha nyama ndi alimi, linagonjetsa asilikali apahatchi a mfumu. Zitatero mabungwe a amisiri anapeza mipando mu ulamuliro wa mzinda. Pa Markt mudzaona ziboliboli za amuna awiri zimene anaziimika mu 1887: Pieter de Coninck, wowomba nsalu, ndi Jan Breydel, wa butchala. Anthu a ku Flanders amakumbukirabe 11 July ngati tsiku lawo.

M'zaka za m'ma 1400 dera lonseli linali m'manja mwa mafumu a Burgundy, ndipo ankakonda kukhala ku Bruges. Mu 1430 Philip the Good, pa chikondwerero cha ukwati wake ndi Isabella wa ku Portugal, anayambitsa mumzindamo gulu la ulemu wapamwamba lotchedwa Golden Fleece, chizindikiro chake chikopa cha nkhosa chagolide. Ngakhale mendulo ya mafumu inali ndi kafungo ka ubweya!

Ndalama itachuluka, akatswiri ojambula anabwera. Jan van Eyck, amene anamwalira mu 1441, anajambula chithunzi chotchuka cha Arnolfini ndi mkazi wake mu 1434. Arnolfiniyo anali wamalonda wa ku Lucca wokhala ku Bruges, ndipo chithunzicho lero chili ku National Gallery ku London. Hans Memling, amene anamwalira mu 1494, ankajambulira chipatala, matchalitchi ndi amalonda. Ngakhale chosema cha Michelangelo cha Maria ndi mwana Yesu, chimene chinatuluka mu Italy iye akadali moyo, anachigula ndi amalonda a nsalu a banja la Mouscron. Mngerezi William Caxton, amene anakayambitsa kusindikiza mabuku ku England mu 1476, anakhala zaka zambiri ku Bruges ngati wamalonda ndi mtsogoleri wa amalonda a kwawo.

MCHENGA NDI MKANGANO

Nanga msika wotere unagwa bwanji? Yankho limene aliyense amapereka ndi mchenga. Zwin inkakwiririka pang'onopang'ono. Madzi a m'nyanja ankalowa ndi matope, ndipo alimi akamatchinga madambo a m'mbali kuti apeze minda, mphamvu ya madzi yokokolola matopewo inkachepa. Mzinda unawononga ndalama zambiri kukumba ndi kuyesa njira zatsopano, koma zombo zinkakulirakulira pomwe njira inkacheperachepera.

Komatu mchenga wokha sukanathamangitsa amalonda msanga chonchija. Eni mudzi anathandizira. Mu 1482 wolamulira wawo, Mary wa ku Burgundy, anagwa pa hatchi n'kumwalira ali ndi zaka 25. Mwamuna wake, Maximilian wa ku Austria, anafuna kulamulira m'malo mwa mwana wawo wamng'ono, uku akufuna misonkho ya nkhondo zake. Mizinda ya Flanders inakana. Mu 1488 anthu a ku Bruges anamugwira Maximilian n'kumutsekera kwa miyezi yoposa itatu, poyamba m'nyumba ina ya pa Markt pomwepo, ndipo nduna yake, Pieter Lanchals, anaidula mutu pabwalopo. Pali nthano yoti pobwezera, Maximilian analamula mzindawu kuweta mpaka kalekale mbalame zoyera za makosi aatali zotchedwa swan, chifukwa dzina loti Lanchals limatanthauza khosi lalitali. Imeneyo ndi nthano, woyendetsa bwato adzakuuzani akuseka. Chilango chenicheni chinali china: analamula amalonda akunja kuti achoke ku Bruges apite ku Antwerp.

Mkangano utatha ena anabwerera, koma ambiri anali atazolowera kale kwatsopanoko. Antwerp ili pa mtsinje wakuya wa Scheldt. Chinanso, Angerezi anali atayamba kuwomba okha ubweya wawo n'kumagulitsa nsalu zothaitha. Mizinda ya Flanders inkatsekereza nsalu zimenezo poteteza owomba ake, pomwe Antwerp inazilandira ndi manja awiri. Apwitikizi atayamba kubweretsa tsabola kuchokera ku India podzera kumwera kwa Africa, anakamutula ku Antwerp. Mu 1531 Antwerp inatsegula nyumba yakeyake ya malonda a ndalama, n'kuitcha beurs. Anatenga makasitomala, dzina lomwe anatenganso.

Ife a pamsika izi timazidziwa. Depoti ya minibasi ikangosamuka, mabenchi a pakhomo lakale amayamba kugona ndi katundu. Kasitomala sakwiya, satsanzika, amangopita kumene njira yatseguka.

Bruges sinafe tsiku limodzi. Amalonda a ubweya a ku Spain anakhalabe kwa zaka zambiri, ndipo mzinda unakumba ngalande zina zolowera ku Ostend ndi ku Ghent. Koma ulemerero uja sunabwererenso. Mu 1787 Waterhalle anaigumula. M'zaka za m'ma 1800 mafakitale anakamera ku Ghent, Bruges n'kukhala umodzi mwa mizinda yosauka kwambiri mu Belgium. Amene ankagwira makomo ambiri anali amayi ndi atsikana oluka lesi pamanja, atakhala pakhomo ndi katsamiro pamiyendo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kulandira tindalama tochepa kwa ogula opikula. Mukadzaona lesi itapachikidwa m'mawindo a masitolo, mudzawakumbukire amayi amenewo.

Umphawi womwewo ndi umene unasunga mzinda. Kunalibe mafakitale ofuna malo, misewu yakale inatsala mmene inalili. Njanji itafika mu 1838, alendo, makamaka Angerezi, anayamba kubwera kudzaona zakalezo. Mu 1892 mlembi Georges Rodenbach anatulutsa buku lotchedwa Bruges-la-Morte, kutanthauza Bruges wakufa, lokhala ndi zithunzi za ngalande zopanda anthu. Eni mzinda dzinali silinawasangalatse, popeza nthawi imeneyo ankalimbana zoti apezenso doko, ndipo analipezadi: Zeebrugge inatsegulidwa mu 1907. Koma bukulo ndi limene linaitana alendo ochuluka. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu sizinawononge kwambiri pakati pa mzinda, ndipo mu 2000 bungwe la UNESCO linaika dera lakalelo pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Lero kumabwera alendo pafupifupi 8 miliyoni pachaka, kudera lomwe okhalamo ndi 20,000 chabe. Katundu wa Bruges tsopano ndi Bruges yemweyo. Ndipo mu 2022 doko la Zeebrugge linaphatikizana ndi la Antwerp kukhala kampani imodzi, opikisana akale aja kugawana benchi.

TSOPANO TIKONZE ULENDO

Choyamba mapepala. Pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe imafuna viza ya Schengen, ndipo chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Belgium. Mutha kupempha viza kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, koma osachepera masiku 15 ulendo usanachitike. Mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90, ndipo amafuna inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa kogona, ndi pasipoti yokhalabe ndi mphamvu miyezi itatu mutatuluka. Yambani msanga, paja Zengerezu adalinda kwawukwawu. Amene muli ndi pasipoti ya Britain viza simukuifuna pa ulendo waufupi.

Kuchokera ku London, sitima ya Eurostar imatenga maola pafupifupi awiri kufika ku Brussels, kenako ola limodzi pa sitima ina kufika ku Bruges. Apa chenjerani ndi mayina. Bruxelles-Midi ndi Brussel-Zuid ndi siteshoni imodzi, ndipo pa zikwangwani mudzafufuze Brugge. Ochokera ku Lilongwe, ndege zodzera ku Addis Ababa zimafika ku Brussels, ndipo siteshoni ya sitima ili pansi pa bwalo la ndege pomwepo. Kuchokera pa siteshoni ya Bruges kufika pa Markt ndi mphindi 20 wapansi.

Langizo langa lalikulu ndi loti mukagone konko, usiku umodzi kapena uwiri. Alendo ambiri amafika cha m'ma 10 koloko m'mawa pa mabasi ndi sitima, n'kuchoka madzulo. Pakati pa maola amenewo tinjira tina timadzaza ngati msika wa pa Khirisimasi. Koma 7 koloko m'mawa, kapena usiku magetsi akayaka m'mbali mwa ngalande, mzinda umakhala wanu. Sankhani masiku apakati pa sabata. Mukafika Lachiwiri madzulo, Lachitatu m'mawa mupeza msika weniweni wa zakudya pa Markt. Loweruka m'mawa msika umakhala pa bwalo la 't Zand.

Miyezi yabwino ndi April, May, September ndi October. July ndi August anthu amachuluka, mitengo ya zipinda n'kukwera. Mabwato a alendo amayenda kuyambira March mpaka pakati pa November. Pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu kumakhala mdipiti waukulu wa Magazi Oyera, wokongola ndithu, koma zipinda zimatha msanga. Tengani jekete yamvula nyengo iliyonse, ndi nsapato zafulati. Misewu yake ndi ya miyala yoyala, gogoda mukamusiye kunyumba, ndipo chikwama chachikulu chamateyala chidzakulizani.

Tsiku loyamba likhale la msika ndi doko. Yambani ndi Markt anthu asanachuluke. Ngati maondo ali bwino, kwerani masitepe 366 a nsanja ija, koma tikiti mugulire pa intaneti chifukwa amalowetsa anthu owerengeka. Muli pamwambapo yang'anani kumpoto, mudzaona makina a doko la Zeebrugge patali kukakhala kowala. Mukatsika, onani chinyumba chokongola chotchedwa Provinciaal Hof. Chili pomwe panali Waterhalle, ndipo ngakhale chikuoneka cha makedzana, anayamba kuchimanga mu 1887. Zoterezi ziliko zambiri. Kamlatho ka Bonifacius, komwe aliyense amajambulitsa poyesa n'kakale kwambiri, n'ka 1910. Mzinda utadziwa kuti zakale zikugulika, unawonjezera sitoko.

Pitani pa bwalo la Burg, pomwe pali nyumba ya khonsolo imene anayamba kuimanga mu 1376 ndi tchalitchi cha Magazi Oyera. Dutsani kanjira kopapatiza mufike pa Vismarkt, msika wa nsomba wa mizati yamiyala wa 1821, ndi kabwalo ka ofufuta zikopa. Chapomwepo mukwere bwato. Ulendo wake ndi mphindi 30, ndipo musauone ngati zachibwana za alendo, chifukwa muli pamadzi m'pomwe mudzaone zitseko za m'munsi mwa nyumba zotsegukira kungalande, momwe katundu ankalowera.

Masana lowerani kumpoto kwa Markt, mumsewu wa Vlamingstraat. Mudzapeza nyumba ya Ter Beurze, ndipo pafupi nayo nyumba ya amalonda a ku Genoa ya 1399, imene lero ndi miyuziyamu ya chipisi. Eetu, chipisi! Pitirirani pa Kraanplein, pomwe panali chimakina cha magudumu chija, mpaka pa Jan van Eyckplein pomwe pali nyumba yakale yokhomera msonkho wa katundu. Werengani mayina a misewu: Spanjaardstraat ndi msewu wa a ku Spain, Engelsestraat wa Angerezi, Oosterlingenplein bwalo la akum'mawa, ndiwo Ajeremani a Hanse aja. Zili ngati mizere ya pamsika, uwu wa tomato, uwu wa usipa. Kuno alendo amafikako ochepa, ndipo sulipira kalikonse.

Tsiku lachiwiri m'mawa kaoneni zimene phindu linagula. Musathamange mamiyuziyamu asanu, sankhani imodzi kapena ziwiri, ndipo muyambe mwaona pa intaneti tsiku limene amatseka. Ku Groeningemuseum kuli chithunzi cha Van Eyck cha 1436 cha Maria ndi wansembe Van der Paele. Yandikirani muone mmene anajambulira mkanjo ndi kapeti, ulusi uliwonse kuoneka. Wogulitsa nsalu ndinaima pamenepo nthawi yaitali. M'tchalitchi cha Onze-Lieve-Vrouw, cha nsanja yanjerwa ya mamita 115, muli manda a Mary wa ku Burgundy ndi chosema cha Michelangelo chija. Chinabedwapo kawiri, ndi Afalansa mu 1794 ndi asilikali a Germany mu 1944, ndipo kachiwiriko chinapezeka mu mgodi wa mchere ku Austria. Kutsidya kwa msewu kuli chipatala chakale cha Sint-Jan cha m'zaka za m'ma 1100, chimene chinagwira ntchito mpaka m'ma 1970, ndipo muli zithunzi za Memling.

Musaphonye Begijnhof, mudzi wa tinyumba toyera umene unakhazikitsidwa mu 1245. Munkakhala amayi osakwatiwa ndi amasiye amene ankapemphera limodzi, kudzigwirira ntchito zawo monga zansalu, osalumbira zokhala masisitere moyo wonse. Anali ndi mpanda wawo ndi chipata chotseka usiku. Kuyambira 1927 mumakhala masisitere a Benedikito, ndiye mukalowa tsitsani mawu.

Za ndalama, malamulo ndi omwe timawadziwa kale. Malo odyera oyang'anana ndi Markt mumalipira malowo kuposa chakudya, yendani misewu iwiri itatu mitengo itsika. Pansi pa nsanja pali timaokala ta chipisi, ndipo madzi akumwa mukagule mu supamaketi chifukwa m'malesitilanti amagulitsa. Zimbudzi zambiri n'zolipira, sungani tindalama tachitsulo. Kumeneko kulibe kunenerera mtengo, ndipo mbasela musaiyembekezere. Pogula lesi funsani ngati ndi yoluka pamanja kapena ya makina. Yapamanja ndi yodula kwambiri, ndiye mukaona yotchipa mwadziwa kale yankho. Ku Kantcentrum, m'dera labata la Sint-Anna, mutha kuona amayi akuluka. Chokoleti mugule m'sitolo imene amapangira pomwepo, ndipo polawa mukumbukire kuti koko wambiri amachokera ku Côte d'Ivoire ndi Ghana. Amene amapindula kwambiri ndi womaliza katundu, monga zinalili ndi ubweya wa England uja.

Kumbukiraninso kuti mumzindamo mumakhala anthu. Musasuzumire m'mawindo, samalani njinga ndi ngolo za hatchi, ndipo lankhulani Chingerezi kusiyana ndi kuyamba ndi Chifalansa, poti kuno ndi kwa olankhula Chidatchi. Kungonena dank u, kutanthauza zikomo, nkhope ya wogulitsa imamasuka. Ukayenda siya phazi, osati mlomo.

Madzulo a tsiku lachiwiri bwerekani njinga mupalase makilomita pafupifupi 7 kupita ku Damme. Njira yake ndi yafulati, yotsata ngalande yowongoka ya mitengo italiitali. Ngalande imeneyo si Zwin ayi, inakumbidwa nthawi ya Napoleon. Mukafika mudzapeza kamudzi kakang'ono kokhala ndi nyumba ya khonsolo ya m'zaka za m'ma 1460 yokula kuposa kamudziko, kabwalo kotchedwabe msika wa nsomba za hering'i, ndi tchalitchi chimene mbali yake ina anaigumula m'zaka za m'ma 1700 chifukwa anthu anali atachepa moti sakanatha kuchisamala chonse. Pomwe zombo za vinyo zinkaima lero pali msipu, ng'ombe zikudya. Chotsala cha Zwin chili kugombe pafupi ndi Knokke, dambo losungirako mbalame.

Mukadzaima pamenepo, inu amene muli ndi kabizinesi, kaya ndi benchi ya tomato, kaya shopu, kaya ntchito ya mashifiti kunjako, mudzadzifunse kuti makasitomala anu amadzera njira iti, ndipo ndani angaitseke. A ku Bruges anali ndi nsanja, mabelu, makalata a ufulu ndi dzina lodziwika mpaka ku Novgorod. Mchenga unkalowa pang'onopang'ono iwo akuwerenga phindu, ndipo pa nthawi imene ankafunika kusamala alendo awo kuposa kale, anali pa mkangano ndi mfumu, uku akukana katundu amene ogula ankamufuna. Panapita zaka pafupifupi 400 kuti apezenso doko ndi chogulitsa china.

Amene munafikako, tiuzeni zimene maso anu anaona zomwe ine ndazisiya.